Mmene Dzuwa Linatulukira M'phanga

M'buku lakale la ku Japan lotchedwa Kojiki, limene linatha kulembedwa m'chaka cha 712, muli nkhani ya Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa m'chipembedzo cha Shinto. Mlongo wake Susanoo ataononga minda yake ya mpunga, Amaterasu anapsa mtima, nalowa m'phanga nadzitsekera. Dziko lonse linada bii. Milungu inzake inasonkhana pakhomo pa phangalo. Inabweretsa atambala kuti alire, inapachika kalilole pamtengo, ndipo Ame-no-Uzume anakwera pa chidebe chovundikira, navina mpaka zovala kumasuka. Milungu inaseka chikhakhali. Amaterasu anadabwa kuti kunja kuli chimwemwe iye palibe, ndipo atasuzumira, Tajikarao, mulungu wa dzitho, anamkokera kunja.

M'zaka za m'ma 1850, Utagawa Kunisada wa mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, anajambula nkhaniyi pa mapepala atatu olumikizana. Mwala wotseka phanga wachoka, gule ali mkati, ndipo kuwala kochokera kwa Amaterasu kukuwazikira mbali zonse.

Koma dzanja la Kunisada silinakhudze mapepala amene anthu anagula. Chimene iye anajambula chinamatidwa pa thabwa, ndipo mmisiri wosema anadula motsata mizere yake mpaka pepalalo kutheratu. Mtundu uliwonse wa utoto unali ndi thabwa lakelake. Wosindikiza ankapaka utoto pa thabwa, n'kuikapo pepala, n'kulikhutiza ndi kachipangizo kokutidwa ndi khungu la nsungwi, thabwa ndi thabwa, osaphonya mzere. Kutchuka kunapita kwa wojambula yekha, ngakhale kuti amisiri awiriwa anayenera ulemu womwewo.

Popeza matabwawo ankatulutsa zithunzi mazanamazana, mtengo unali wotsika, ndipo munthu wamba ankatha kupita nacho kwao chithunzi cha mulungu wa dzuwa. Ichi sichinali chinthu chaching'ono, pakuti mafumu a ku Japan ankati mtundu wao unachokera kwa Amaterasu. Kuyambira mu 1868 boma linagwiritsa nthanozi polimbitsa ufumu, kufikira pa 1 January 1946 pamene Mfumu Hirohito inalengeza kuti ganizo lakuti mfumu ndi mulungu n'lopeka. Kalilole uja akuti amasungidwa m'kachisi wa ku Ise, ndipo anthu saloledwa kumuona.