Masewera Othandiza Ana Obvutika Kulankhula

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a makalasi oyamba)

M'makalasi oyamba simusowa mwana amene mau ake samveka bwino. Anzake amseka, iye naleka kuyankha, ndipo pakutha pa caka awerengedwa pamodzi ndi ana opanda nzeru, cinkana nzeru ali nazo. Akatswiri a zolankhula ndi ocepa, ndipo ku sukulu za kumidzi safikako kawirikawiri. Cotero nchito igwera mphunzitsi, amene zipangizo zake ndizo dothi, nsanza, mapesi ndi nthenga.

Coyamba kuyesedwa ndi khutu, pakuti mwana aphunzira kulankhula pakumva. Mphunzitsi aime kumbuyo kwa mwanayo, nachule dzina lake motsitsa mau. Wosatembenuka, kapena wotuluka mafinya m'khutu, apite ku cipatala; masewera saciritsa khutu. Ana osamva konse ali ndi sukulu zao, monga ya ku Magwero pafupi ndi Chipata, imene Ella Botes anaiyamba m'caka ca 1955.

M'ciNyanja kampweya kakang'ono kasiyanitsa mau: kuponya ndi kuphonya, kukola ndi khola, kupala ndi phala. Mwana wosadziwa kutulutsa kampweyako apatsidwe nthenga ya nkhuku, aigwire patsogolo pa milomo yake. Ponena "phala" nthenga igwedezeka, koma ponena "pala" ingokhala cete. Potero aona ndi maso cimene khutu lake silinacigwire.

Atazolowera, ana atuluke pabwalo ndi mpira wa nsanza ndi dengu. Mwana uja ndiye woweruza. Akati "ponya", mnzake aponya mpira m'dengu. Ukagwa padera, woweruza apfuula "waphonya", ndipo mpira upita kwa wina. Akanena "waponya", mpira ukhalabe ndi mwini, cifukwa kuponya anaponyadi. Apa mwana azindikira yekha kuti kampweya kaja kali ndi nchito, popanda munthu womdzudzula. Masewera otere aposa kubwereza mau makumi awiri olembedwa pa bolodi, kumene kutopetsa mwana ndi mphunzitsi yemwe.

Ng'ombe zadothi, zimene anyamata aziumba osauzidwa, zithandiza pa liu la ng', lopangidwa ndi tsinde la lilime mpweya ukutulukira m'mphuno. Aumbenso ng'oma ndi ng'ona, namange khola la mapesi. Dothi likhale m'manja mwa mphunzitsi, kuti wofuna kuumba ayambe wapempha, ndipo ng'ombe isalowe m'khola mwini wake asanaichule. Akaichula mokhota, mphunzitsi asati "walakwa", koma abweze mauwo moongoka, nati, "Inde, ng'ombe yako yalowa m'khola." Kanthawi kocepa tsiku ndi tsiku kakwanira.

Alipo ena oyesa kuti kuuzira nthenga kapena kuliza mluzu kulimbitsa pakamwa, mwana nayamba kulankhula bwino. Sikutero ai. Kuuzira kuphunzitsa kuuzira basi. Nthenga ili ndi phindu pokhapo pamene mau akuchulidwa. Ndiponso mphunzitsi asataye nthawi ndi mwana wosakaniza l ndi r, pakuti m'ciNyanja zilembo ziwirizi sizisiyanitsa mau. Imeneyo ndi nkhani ya phunziro la Cingelezi.

Cibwibwi ndi cina. Mwana wacibwibwi maliu onse awadziwa, koma mau amkanika potuluka, ndipo masewera opikisana liwiro amuonjezera bvuto. Iye amuyenera masanje a ana atatu kapena anai, kumene wina aphika, wina agula, ndipo aliyense alankhula pa nthawi yake. Mphunzitsi alankhule naye mosafulumira, asamtsirizire mau, ndipo aletse anzake kutero. Kawirikawiri mwana wotere aimba nyimbo yonse osakakamira, koma cibwibwi cibweranso nyimbo ikatha. Makolo auzidwe zimenezi msanga, cifukwa ena akamumva akuimba bwino ayesa kuti acita dala, namkwapula.