Fizi ya mwana mmodzi, kalasi ya ana onse



Pamene tikukumbukira 6 July 1964, ife anamwino a m'bungwe lino tapemphedwa kunenapo za maphunziro. Ambiri muno, teremu ikamayandikira timatumiza fizi kumudzi, kaya ya mphwathu, kaya ya mwana wa achemwali. Nzabwino ndithu. Koma mwanayo akalowa m'kalasi amapezamo chiyani?

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Palibe malume, ngakhale wolemera bwanji, amene akadatsegulira ana onsewo khomo. Ntchito yotere imatheka ndi boma. Komabe enafe tidayamba Sitandade 1 m'zaka zimenezo, ndipo tikukumbukira kuphunzirira pansi pa mtengo, aphunzitsi ena atangosulidwa masabata ochepa chabe.

Tikamba za a William Kamkwamba a ku Kasungu, amene adasiya sekondale chifukwa chosowa fizi, nkupanga makina a mphepo opangira magetsi mu 2002, timakonda kunena kuti adachita okha. Khama lidali lawo, inde. Koma buku la Using Energy adalipeza m'laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Alipo amene adabweretsa mabukuwo, aliponso amene ankatsegula chitseko m'mawa. Za iwowa sitikambako.

Kuwodi timaziona zimenezi: namwino angachezere usiku wonse, koma m'kabati mukapanda mankhwala, khama lake limathera pa kutonthoza wodwala basi.

Ndiye pempho lathu nali. Fizi tisasiye. Koma pa zimene timatumiza, tipatuleko pang'ono mwezi uliwonse tiike m'thumba la bungwe, tisankhe sukulu imodzi, ndipo tiyambe ndi kufunsa ahedi, komiti ya sukulu ndi mafumu chimene chikuwasowa. Tisawaganizire tili kuno. Mwina adzati nyumba ya mphunzitsi, mwina zimbudzi za atsikana, osati makompyuta pamalo popanda magetsi. Malisiti onse adzawerengedwa pamsonkhano wathu wa pachaka.

Amsungichuma akhala pakhomo ndi kabuku tikatha kudya.