Malikisi a Madzi: Kodi Mayiko Akukhoza Kapena Akulephera?

Mawu omwe mmodzi mwa ife adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Ndikuthokoza komiti yathu pondipatsa mpata uno. Mutu umene ndapatsidwa ndi wa madzi, makamaka njira zomwe mayiko amayezera ngati akupita patsogolo pa kasamalidwe ka madzi. Tonsefe tidakula ndi lipoti la kumapeto kwa temu, choncho nkhani ya malikisi si yachilendo kwa ife.

M'chaka cha 2000 mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana zolinga za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2015. Chimodzi mwa izo chinali kuchepetsa ndi theka gawo la anthu osowa madzi abwino akumwa. Bungweli lidalengeza kuti cholingachi chidakwaniritsidwa mu 2010. Koma muyeso wa nthawi imeneyo unkangowerenga mtundu wa malo otungapo madzi, monga mpopi, mjigo kapena chitsime chotetezedwa. Sunkafunsa ngati madziwo ali aukhondo, kapena ngati mjigowo umatulutsa madzi mwezi wa Okutobala.

Tsono mu Seputembala 2015, ku New York, mayiko 193 adavomereza zolinga zatsopano 17 zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Cholinga cha nambala 6 ndicho cha madzi ndi ukhondo, ndipo chili ndi miyeso 11. Lero nditchulapo itatu yokha.

Muyeso woyamba ndi wa madzi akumwa. Ngati mayi apita ku mjigo, kuima pamzere, kutunga ndi kubwerera kunyumba mphindi 30 zisanakwane, banja lake limawerengedwa kuti lafika pa sitepe yoyambira chabe. Kuti banja liwerengedwe kuti lakhoza, madzi ayenera kukhala pakhomo pomwepo, opezeka nthawi imene akufunika, ndiponso opanda tizilombo tochokera ku chimbudzi kapena mankhwala oopsa. Poyeza motere, mabungwe a WHO ndi UNICEF adapeza kuti mu 2022 anthu 2.2 biliyoni analibe madzi otere, ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi. Ife a Malawi tanthauzo la chiwerengerochi tikulidziwa, pakuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udatilanda abale oposa 1,700.

Muyeso wachiwiri ndi wa kasamalidwe ka madzi mogwirizana. Taganizani za mtsinje wa Shire. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, imene idamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi otuluka m'nyanja. Kumunsi kwake madzi omwewo amapukusa makina a magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pa Walker's Ferry amapopedwa kupita ku mzinda wa Blantyre, ndipo ku Nchalo amathirira mzimbe. Munthu akadula mitengo kumtunda, dothi limakokoloka n'kukadzaza pa Nkula, magetsi n'kuzima ku Lilongwe. Nchifukwa chake mtsinje sungayendetsedwe ndi unduna umodzi wokha, mutu umodzi susenza denga.

Pofuna kuyeza zimenezi, bungwe loona zachilengedwe la UNEP limatumizira dziko lililonse mafunso 33 a m'magawo anayi: malamulo ndi ndondomeko, mabungwe ndi kutengapo mbali kwa anthu, zida zoyendetsera ntchito, ndi ndalama. Malikisi ake amayambira pa 0 kulekeza 100. Mayiko onse pamodzi adapeza 49 mu 2017, adapeza 54 mu 2020, ndipo mu 2023 adafika pa 57. Aphunzitsi athu a masamu atiwerengera msanga: malikisi 8 pa zaka 6. Pa liwiro limeneli 2030 idzatipeza tikadali kutali. Gawo limene mayiko amalephera kwambiri ndi la ndalama. Kulemba lamulo n'kosavuta, ndipo ife tidakhazikitsa lamulo la madzi mu 2013, lomwe lidabala bungwe la National Water Resources Authority. Koma lamulo silingakwere njinga kukayeza mtsinje ngati woyezayo sadalipidwe.

Muyeso wachitatu ndi wa madzi a m'malire. Chigwa cha Zambezi, chimene Nyanja ya Malawi ndi Shire zili mbali yake, chimakhudza mayiko 8: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Pangano lokhazikitsa bungwe loyang'anira chigwachi lidasainidwa mu 2004 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2011. Muyesowu sukhutira ndi pepala losainidwa. Umafunsa ngati pali bungwe la onse, ngati mayikowo amakumana kosachepera kamodzi pachaka, ngati ali ndi ndondomeko imodzi, ndiponso ngati amapatsana zomwe ayeza.

Bambo Wapampando, miyeso imeneyi ndi yothandiza, koma ndikuchenjezeni pa zinthu zitatu.

Choyamba, pa mafunso 33 aja dziko limadzichonga lokha. Tonse tikudziwa zimene zinkachitika mphunzitsi akatiuza kuti aliyense achonge kope lake.

Chachiwiri, chiwerengero cha dziko lonse chimabisa kusiyana kwa madera. Kalasi imatha kukhoza bwino pamene ana a kumbuyo sadziwa kuwerenga. Momwemonso, mpopi wa ku Area 10 ndi chitsime cha mumchenga ku Nsanje zikaphatikizidwa zimabala nambala imodzi yooneka bwino, imene sinena zoona za malo onse awiri.

Chachitatu, muyeso uliwonse umadalira munthu amene amadzuka m'mawa kukawerenga msinkhu wa madzi ndi kulemba m'buku. Tikudziwa kuti Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso kuti kwa zaka pafupifupi 20, kuyambira cha m'ma 1915, Nyanja ya Malawi idatsika mpaka idaleka kuthira madzi mu Shire. Tikudziwa zimenezi kaamba koti alipo adalemba. Akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, koma ntchito ya kuyeza ndi yoti tidziwe chisanaphwe.

Nanga ife tichitepo chiyani? Bungwe ngati lathu likafuna kuthandiza sukulu, maganizo amathamangira ku kukumba mjigo watsopano, chifukwa umaoneka ndipo pamalembedwa dzina lathu. Ine ndikupempha kuti tisanasonkhe ndalama za mjigo, tiyambe tagwirizana zinthu zitatu. Tigule choyezera mvula ndi buku, ophunzira azilemba tsiku ndi tsiku mvula imene yagwa ndi masiku amene madzi adasowa pa sukulu pano. Madzi amene ana amamwa aziyezedwa temu iliyonse. Ndipo pa ndalama zilizonse za madzi, gawo lina lizisungidwa padera kuti likhale logulira zipangizo ndi kulipira mmisiri wokonza. Tikatero, chaka chamawa mlembi wathu adzatiwerengera masiku amene ana adamwa madzi abwino, osati mijigo imene tidakumba.

Komiti ikavomera, nkhaniyi ilowe m'zokambirana za masana ano.