Pagaram kapena pagarão: ndalama zatuluka kapena ayi?

Ambiri kuno ku Lisasadzi tili ndi achibale amene amawoloka pa Dedza kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Angónia, ena kukachita geni ku Tete. Chichewa chimamveka ndithu kumeneko, koma mapepala a ntchito ndi zokamba za mu ofesi zimakhala m'Chipwitikizi. Lero tikambirane za aneni a chiyankhulochi, makamaka pamene pamagwera mphamvu ya liwu.

Mneni wathu amanyamula zonse kutsogolo. Mu "ti-dza-lipira", ti akunena ife, dza akunena m'tsogolo. Chipwitikizi chimaika zimenezi kumapeto. Tsinde la kulipira ndi pag-, ndiye pago ndi "ndikulipira", pagou "walipira", pagaremos "tidzalipira". Mukaphonya mchira wa liwulo, mwaphonya wolipira komanso nthawi.

Tsopano tcherani khutu. Ife timakonda kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: kuliPIra, kuGUla. Aneni othera ndi -o, -a, -e, -am ndi -em amatero nawonso: PA-go, VEN-de, pa-GA-ram. Koma othera ndi -r, -ou, -ei ndi -ão mphamvu imagwera kumapeto: pa-GAR, pa-GOU, pa-ga-RÃO. Kachizindikiro kapamwamba kakakhalapo, ngati mu pagará, tsindikani pomwepo.

Nayi nkhani ya ndalama. Pa-GA-ram ndi "alipira kale". Pa-ga-RÃO ndi "adzalipira". Mathero a mawu awiriwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, chosiyanitsa n'kutsindika basi. Munthu walima chaka chathunthu, kapitawo akuti pagaram, iye n'kumva ngati adzalipira, n'kumadikira ndalama zomwe m'buku zalembedwa kuti zinatuluka. Sizachilendo kwa ife: mtengo wa nkhuni ndi mtengo wa katundu timausiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu.

Chomaliza ndi kudula maphatikizo. Athu amathera ndi a, e, i, o, u, n'chifukwa chake carta yawo makolo anaisandutsa ka-la-ta. Koma ven-der ndi com-prar ndi maphatikizo awiri okha. Musawonjezere "e" kumapeto, ndipo -der ndi -prar muziwatsindika.

Ndiye tiyeni tichite chonchi. Sabata ino aliyense atenge aneni atatu, pagar, vender ndi comprar, awadule maphatikizo, aziomba m'manja pa lolemera. Amene muli ndi achimwene kutsidyako, atumizireni phunziroli pa WhatsApp asanasainire pepala lililonse. Loweruka tidzayesana pano.