Kadamsana, Dzungu ndi Ndimu

Madzulo ano tinene za ana athu a sukulu ku Petauke ndi Nyimba.

Pa 21 June 2001, masana, mdima unagwa ku Lusaka pamene mwezi unaphimba dzuwa lonse. Koma ku Petauke ndi Nyimba kunatsala kacidutswa ka dzuwa kowala. Cifukwa ninji? Mphunzitsi waulesi angolemba yankho pabolodi, ana naloweza ngati nyimbo. Wanzeru atseka mazenera, nayatsa nyali, napatsa mwana mmodzi dzungu, ndilo dziko, wina ndimu, ndiyo mwezi. Ndimu ikapita pakati, mthunzi wace ugwa pa kabanga kakang'ono ka dzungulo, osati ponse iai. Pamenepo mphunzitsi akhale cete, ana alingalire okha pamene pali Lusaka ndi pamene pali kwao.

Tsono awafunse: popeza mwezi uzungulira dziko nthawi zonse, bwanji kadamsana saoneka mwezi uli wonse? Asawauze msanga, cinkana atsutsane kufikira belu lilira. Wina adzakweza ndimu pang'ono, mthunzi nuphonya dzungu. Ameneyo wapeza: njira ya mwezi njopendekeka pafupifupi madigiri 5.