Dzino Limene Silimera Kawiri: Mawu a Mlembi wa Chigwirizano



M'maulendo athu oyendera odwala chaka chino tinapeza kamtsikana ka zaka 8 katatupa tsaya, masiku atatu osagona, sukulu osapita. Mayi wake anati ankaona kabowo kakuda pa dzino la kumapeto kwa nthawi yaitali, koma ankati ndi dzino la ubwana, liguluka lokha. Titapita nako kuchipatala anati lawola kufikira ku mizu, nalizula. Pamenepo ndi pamene anatiuza kuti dzino limenelo silidzameranso. Tinabwerera tili chete, pakuti ambiri a ife sitinali kudziwa zimenezi.

Amayi, nazi zimene tinaphunzira. Mwana amayamba kumera mano ali ndi miyezi ngati 6, ndipo pofika zaka 3 amakhala ndi mano 20. Pa zaka 6 pamamera mano anayi akuluakulu kumbuyo kwa mano onse a ubwana, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Mano amenewa amamera popanda lina kuguluka, chifukwa chake timanyengeka. Komatu ndiwo oyamba mwa mano 32 a munthu wamkulu, ndipo mwana ayenera kutafunira amenewa kufikira ukalamba wake.

Kale tinkati m'dzino muli nyongolotsi. Iyayi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wotsalira m'kamwa, ndi kutulutsa asidi amene amabowola dzino pang'onopang'ono. Maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zimene timatonthozera ana tikamachokera kumsika, ndizo chakudya cha tizilomboti. Choipa kwambiri ndicho kumpatsa mwana zotsekemera kawirikawiri tsiku lonse, kapena kumgoneka asanatsuke m'kamwa.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, dzino loyamba likangotuluka tiyambe kulitsuka ndi kamswachi kofewa, m'mawa ndi pogona. Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fluoride. Kwa mwana wosafika zaka 3 tipake pang'ono ngati kambewu ka mpunga, wopitirira pamenepo ngati kambewu ka nsawawa. Alavule, koma asachukuche ndi madzi. Tizimuthandiza kufikira zaka 7 kapena 8, pakuti dzanja la mwana silifika kumbuyo.

Chachiwiri, kamodzi pa mwezi timuike mwana pamiyendo panja pali dzuwa, titukule mlomo ndi kuyang'ana. Tikaona madontho oyera ngati choko kapena akuda, kapena nkhama zikutuluka magazi, tisazengereze.

Chachitatu, tisaike fodya kapena asipirini pa dzino lopweteka. Asipirini amawotcha nkhama, ndiponso si wabwino kwa ana.

Chachinayi, tisadikire kulira. Akatswiri amati mwana akaonedwe mano asanapitirire chaka chimodzi. Popita ku sikelo tipemphe kuti amuone m'kamwa, ndipo tikapita ku Boma tifunse kumene amaona mano pa chipatala cha Ntcheu. Bowo laling'ono amatha kulimata, lalikulu nthawi zambiri ndi lozula.

Tithokoze kuti mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre anayamba kuphunzitsa madokotala a mano, pamene kale ana athu ankakaphunzira kunja. Mu 2022 boma linakhazikitsanso ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Koma dokotala sangalowe m'nyumba zathu usiku uliwonse ndi mswachi. Imeneyo ndi ntchito yathu, ife amayi ndi agogo.

Tikupempha kuti madzulo ano aliyense akafika kwawo akayang'ane m'kamwa mwa mwana kapena mdzukulu wake, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa tidzafotokozerane zimene tapeza.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu pamodzi ndi ana athu.