Nyanja Yamchere Siili Kutali Monga Tiganizira

 Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo pa ganizo loti bungwe lathu lithandize kalabu ya zachilengedwe kuphunzitsa ana za mavuto a nyanja zikuluzikulu zamchere. Ena afunsa kale kuti, popeza dziko lathu lilibe nyanja yotere, nanga ndalama zathu zipitirenji kumeneko pamene ana akusowa mabuku ndi madesiki? Funsoli ndi lomveka, ndipo ndi limene ndikufuna kuyankha.

Tonse tikukumbukira mwezi wa Marichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, naononganso midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Namondwe ameneyu anabadwira panyanja pafupi ndi Australia, nadutsa nyanja yonse ya India, nakhala moyo masiku 36. Namondwe amatenga mphamvu zake ku madzi ofunda, ndipo kuti abadwe pamafunika madzi otentha madigiri 26 kapena kuposerapo. Tsono akatswiri apeza kuti pa kutentha konse koonjezera kumene utsi wa mafakitale ndi magalimoto ukubweretsa padziko, gawo loposa 90 pa 100 likumwedwa ndi nyanja. Madzi akafunda, namondwe amakhala waukali ndipo amasenza mvula yambiri. Mwana wa ku Phalombe ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa chimene chinagwetsa nyumba ya kwao chinachokera kunyanja.

Nafenso tili ndi zimene timatumiza kumeneko. Jumbo limene latayidwa mumtsinje wa Mudi mumzinda wa Blantyre limatsetsereka ndi madzi mpaka mu Shire. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amathira m'nyanja ya India pafupi ndi Chinde, doko lija tinkaliloweza m'phunziro la mbiri yakale. Pulasitiki saola. Amangophwanyika tizidutswa ting'onoting'ono timene nsomba ndi mbalame zimameza, ndipo akamba a m'nyanja amameza jumbo lathunthu poyesa chakudya. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anakasuma, koma khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi boma mu 2019. Komabe lamulo palokha silingatole jumbo limene lili kale m'ngalande. Pafunika munthu amene anaphunzitsidwa akadali wamng'ono kumene jumbolo limathera.

Vuto lachitatu ndi usodzi wopanda malire. Kugombe la Newfoundland ku Canada, anthu anapha nsomba yotchedwa cod kwa zaka pafupifupi 500 ndipo ankayesa kuti siingathe. Zitabwera sitima zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja, nsombayo inatha, ndipo mu 1992 boma linatseka usodziwo. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito, ndipo usodzi unatsegulidwanso, pang'ono chabe, mu 2024. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ife amene tinakula chambo chili ndiwo ya banja wamba tikudziwa mtengo wake lero. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa koopsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'magombe ambiri ukonde wa udzudzu ukukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Koma sitikufuna kuwaphunzitsa ana mantha okha. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Ku Cape Maclear kuli paki ya Nyanja ya Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha timbuna tamitundumitundu timene sitipezeka kwina kulikonse. Mwana akamvetsa chifukwa chake Mbenji amatsekedwa, sadzavutika kumvetsa chifukwa chake maiko anagwirizana mu 2023 pa pangano loteteza mbali za nyanja zimene sizili m'manja mwa dziko lililonse. Nyanja yathuyi ndiyo kalasi yoyambira.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tigulire chipinda cha jogalafe mapu atsopano oonetsa mitsinje ndi nyanja, kuti mwana athe kulondola ndi chala ulendo wa madzi kuchokera kwao mpaka ku Chinde. Chachiwiri, tisonkhe ndalama ya basi yoti ana a kalabu azipita ku Cape Maclear kamodzi pachaka, chifukwa ambiri a iwo sanaonepo nyanja ndi maso. Chachitatu, ife amene tikugwira ntchito ku nthambi za nsomba, zanyengo ndi zankhalango tizibwera teremu iliyonse kudzacheza ndi ana. Ichi chachitatuchi sichifuna ndalama, chimangofuna Loweruka limodzi.

Mabuku ndi madesiki sitiziiwala, ndipo Msungichuma atiuza mmene thumba lilili. Koma pakati pa ana awa pali ma DC, aphungu ndi mafumu a mawa amene adzagamule za makoka ndi majumbo. M'mera mpoyamba. Pepala lolembetsa maina lili patebulo la Mlembi, ndipo langa ndalemba kale.